Mmene Bruce McLaren Anapezera Mailosi 15 M'kainjini Kakale

M'chaka cha 2024 gulu la McLaren linapambana magulu onse opanga magalimoto a mpikisano wa Formula 1, chinthu chimene linali lisanachitenso chiyambire 1998. Likulu la gululi lili ku Woking, kumwera chakumadzulo kwa London, ndipo pakati pa magalimoto a mbiri amene amasungidwa kumeneko pali kagalimoto kena kamene mlendo angadabwe nako, pakuti n'kakang'ono, ka mipando iwiri, kopanda denga, ndipo matayala ake ndi owonda ngati a njinga yamoto. Kameneka ndi Austin 7 ya mtundu wotchedwa Ulster, yopangidwa m'chaka cha 1929. Eni ake amakasunga mwaulemu chifukwa pa injini yake ndi pamene Bruce McLaren, mwini dzina la gululi, anaphunzirira kumasula injini, kuiyeza, kuimanganso ndi kuitchuna, ali mwana wa sukulu ku Auckland m'dziko la New Zealand.

Anthu ambiri amam'dziwa McLaren ngati woyendetsa. Koma iye anayamba wagwira sipanala asanagwire chiwongolero, ndipo mbali imeneyi ya moyo wake ndiyo iyenera kufotokozedwa bwino, makamaka kwa aphunzitsi amene amafunsidwa ndi ana kuti masamu a m'kalasi adzawathandiza chiyani.

Mwana wa pagaraja

Bruce anabadwa pa 30 August, 1937. Atate ake, Bambo Les McLaren, anali ndi garaja ndi malo ogulitsira petulo ku Remuera, dera lina la mzinda wa Auckland, ndipo iwo eni anali munthu wa mipikisano, poyamba pa njinga zamoto, pambuyo pake pa magalimoto. Ali ndi zaka 9 mwanayo anayamba kutsimphina. Madokotala anapeza kuti ali ndi nthenda ya Perthes, imene imafewetsa mutu wa fupa la ntchafu pamene limalowera m'chiuno, chifukwa magazi safikapo mokwanira. Mankhwala a masiku amenewo kunali kugona basi. Anam'mangirira pa kama wachitsulo ku Wilson Home, nyumba yosamalira ana olumala ku Takapuna, nakhala komweko zaka ngati ziwiri. Anatulukako akuyendera ndodo, mwendo wamanzere uli waufupi, ndipo anatsimphina moyo wake wonse. Mpira wa rugby, umene anyamata a ku New Zealand amaukonda koposa masewera ena onse, unam'tsekekera. Zimene zinam'tsalira ndi mabuku ndi garaja ya atate ake.

Bambo McLaren anagula Austin ija ili zidutswazidutswa, maganizo awo ali akuti aimange ndi kuigulitsa. Mwana wawo, amene panthawiyo anali wa zaka 13, anaiona mwina: anafuna kuti imangidwe kuti ikathamange. Atatewo analola, ndipo chanzeru chimene anachita n'chakuti sanam'mangire. Anam'phunzitsa, namusiyira ntchito yambiri kuti aigwire ndi manja ake.

Kainjini kofooka ponseponse

Kuti ntchito ya mnyamatayu imveke, nkofunika kuyamba kwadziwika chimene injini ya petulo imachita. Silinda ndi mphako yosalala ngati mtondo, ndipo m'kati mwake muli pisitoni yokwera ndi kutsika ngati munsi. Pisitoni ikamatsika koyamba imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo kudzera pa valavu yolowetsa. Ikamakwera, mavalavu onse awiri amakhala otseka, ndipo mpweya uja umapanikizidwa m'kachipinda kakang'ono ka pamwamba. Pamenepo pulagi imathetheka, mpweya umayaka ndi kukankhira pisitoni pansi mwamphamvu. Ikamakweranso, valavu inayo imatseguka kuti utsi utuluke. Mwa maulendo anayi amenewa ndi umodzi wokha umene umabala mphamvu. Atatu enawo ndi ongodya. Chotero munthu wofuna kuti injini ikoke koposa, popanda kuikuza, ali ndi njira zitatu: kuipumitsa mpweya wambiri, kuupanikiza mpweyawo kwambiri usanayake, kapena kuizunguza msanga popanda kuithyola.

Injini ya Austin 7 inali yofooka pa zitatu zonsezi, ndipo sichinali chilema, pakuti siinapangidwire liwiro. Herbert Austin anailinganiza pamodzi ndi wojambula mapulani wachinyamata, Stanley Edge, amene anali asanakwane zaka 20, kuti ikhale galimoto ya banja losauka limene kale likanangokwanitsa njinga yamoto. Inatuluka mu 1922, ndipo pofika 1939 fakitale ya ku Longbridge, pafupi ndi Birmingham, inali itapanga magalimoto otere pafupifupi 290,000. Injini yake inali ya masilinda anayi, iliyonse yotambalala mainchesi 2.2, pisitoni ikuyenda mainchesi 3, ndipo onse pamodzi anali 747 cc, ndiko kuti magawo atatu mwa anayi a lita imodzi. Zoyambirira zinali ndi mphamvu ya akavalo 10 kapena kupitirirapo pang'ono, monga mwa chiwerengero cha akatswiri. Mtundu wa Ulster, umene unatenga dzina lake ku mpikisano wa Tourist Trophy wochitikira pafupi ndi Belfast, unali ndi mphamvu yoposa pamenepo kawiri, komabe maziko ake anali omwewo.

Chovuta choyamba chinali malo a mavalavu. M'mainjini a masiku ano mavalavu amakhala pamwamba penipeni pa pisitoni, kotero kuti mpweya umangogwera m'silinda. Mu Austin anali pambali, atayang'ana kumwamba, ndipo mpweya unayenera kukwera, kukhota, kudutsa pampata wopapatiza pansi pa chivundikiro cha masilinda, chimene amakaniko amachitcha hedi, kenaka nkutsikira m'silinda. Chovuta chachiwiri chinali crankshaft, chitsulo chokhotakhota chija chimene chimasandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira. Injini ya masilinda anayi ya lero imachigwira pa mabering'i asanu. Ya Austin ya zaka zimenezo inachigwira pa awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo, pakati ponse pali lende, monga mtanda wa denga wopanda mzati wapakati. Ikazunguzidwa mopitirira, chitsulocho chimapindika, ndipo tsiku lina chimathyoka.

Komatu kufooka komweku ndiko kunaisandutsa sukulu. Inali yotsika mtengo, zitsulo zake zinali mbwee, yopepuka kuti munthu mmodzi kapena awiri angainyamule, ndipo popeza mphamvu yake inali yochepa, chilichonse chowonjezeka kapena chotayika chinkaoneka msanga. Ku England, Colin Chapman anamanga galimoto yoyamba ya Lotus mu 1948 pa mafupa a Austin 7, ndipo ngakhale galimoto yoyamba ya BMW, yotchedwa Dixi, inali Austin 7 yopangidwa ku Germany ndi chilolezo.

Kumasula ndi kuyeza

Munthu amene sanaonepo ntchitoyi amaganiza kuti kumanganso injini ndiko kulumikiza zitsulo monga mmene zinalili. Kulumikizako ndi ntchito ya masiku otsiriza. Yaikulu ndi kutsuka ndi kuyeza, ndipo ndi yotopetsa. Chitsulo chilichonse chimatsukidwa mpaka mwaye ndi oyilo wakale zitachoka, tinjira tonse ta oyilo timatsegulidwa, pakuti kamchenga kamodzi kotsalira kangathe kukanda bering'i yatsopano m'mphindi zochepa. Kenaka mmisiri amatenga chida chotchedwa micrometer, chimene chimayeza kufikira gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchesi, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa kuposa pamenepo kawiri kapena katatu.

Silinda yogwira ntchito zaka zambiri simatha mofanana. Imadyeka kwambiri kumtunda, kumene moto ndi kupanikiza zili zazikulu, ndiponso imaleka kukhala yozungulira bwino, chifukwa pisitoni imatsamira mbali imodzi. Motero imayezedwa pamwamba, pakati ndi pansi, mopingasa ndi mowongoka. Ikapezeka yadyeka, imaboolanso pa makina ndi kuikamo mapisitoni okulirapo. Maring'i, timikombero tachitsulo tozinga pisitoni, amalowetsedwa m'silinda paokha kuti mpata wa pakamwa pake uyezedwe. Mpatawo ukachepa, ring'i ikatentha imafutukuka, nsonga zake zimagundana, ndipo imathyoka kapena kugwira silinda. Ukachuluka, mphamvu imathawira pansi ndipo oyilo amakwera kukapsa, galimoto nkumafuka utsi wobiriwira. Mabering'i a pa crankshaft, pamene mikono ya mapisitoni imagwira, mu Austin anali a chitsulo chofewa choyera chochita kuthira chosungunuka, ndipo nawonso amafuna mpata wawo: wokwanira kuti oyilo alowe, wosakwanira kuti chitsulo chigogode.

Ntchito imene ophunzira onse a umakaniko amaikumbukira ndi kupera mavalavu. Valavu iyenera kukhala pampando wake mosasiya mpata ngakhale wa mpweya. Mmisiri amapaka phala la mchenga wosalala pamlomo pake, naiika pampando, naipekesa ndi kamtengo pakati pa zikhato monga mmene akale ankapekera moto, kuinyamula, kuitembenuza pang'ono, kupekesanso, kufikira pataoneka mzere wotuwa wozungulira wosaduka. Injini ya masilinda anayi ili ndi mavalavu asanu ndi atatu, ndipo palibe njira yachidule. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa mnyamata amene anagona chagada zaka ziwiri, kudekha sikunali phunziro lachilendo.

Galimoto itamangidwa, Bruce anaphunzira kuiyendetsa kuseri kwa nyumba yawo, pa kanjira kokhota ngati nambala 8 pakati pa mitengo ya zipatso. Magiya a magalimoto a zaka zimenezo salowa okha mofewa monga a lero. Woyendetsa amayenera kumvetsera kulira kwa injini ndi kulinganiza liwiro lake ndi la matayala, apo ayi mano a magiya amakukutana. Khutu la makaniko limayambira pamenepo. M'chaka cha 1952 analowa mpikisano wake woyamba ku Muriwai, kugombe la kumadzulo kwa Auckland. Unali mpikisano wokwera chitunda, mmene galimoto iliyonse imanyamuka payokha, ndipo wopambana ndi amene wafika pamwamba m'nthawi yochepa. Anapambana pa gulu la mainjini osapitirira 750 cc. Mmodzi wa anyamata amene ankalimbana naye pa Austin 7 inzake m'zaka zimenezo, Phil Kerr, anadzakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa kampani yake ku England.

Hedi yong'ambika

Phunziro lalikulu linadza ndi tsoka. Hedi ya Ulster inang'ambika. Ku New Zealand, kutali ndi fakitale ulendo wa milungu yambiri pa sitima ya pamadzi, chitsulo cha galimoto yosowa ngati imeneyi sichinali chongopita kusitolo. Monga mmene mbiri ya kampani ya McLaren imafotokozera, mnyamatayo anapeza hedi ya Austin Ruby ya 1936, galimoto wamba ya banja, nadzaza tizipinda take ndi mkuwa wosungunula, kenaka natisemanso ndi tupa, mtundu uja umene umazungulira pa makina, kufikira titafika pa maonekedwe amene iye anafuna.

Chimene anali kuchita ndi masamu a kusukulu, ndipo mphunzitsi angathe kuwalemba pabolodi. Silinda imodzi ya Austin imakoka 187 cc, ndilo gawo limodzi mwa anayi a 747. Mwachitsanzo, kachipinda ka pamwamba katakhala ka 47 cc, ndiye kuti pisitoni ili pansi mpweya uli m'malo a 234 cc, ndipo ikafika pamwamba wapanikizidwa m'malo a 47 cc. Kugawa 234 ndi 47 kupatsa pafupifupi 5, ndipo amakaniko amati kompulesheni ndi 5 kwa 1. Tsono kachipindako katachepetsedwa ndi 10 cc yokha, ndiwo masupuni awiri a tiyi, kakhala 37 cc, ndipo 224 kugawa ndi 37 kupatsa 6. Kuchotsaponso 6 cc kufikitsa pa 7. Mpweya wopanikizidwa kwambiri umayaka msanga ndi kukankha mwamphamvu, ndipo petulo yemweyo amabala ntchito yochuluka.

Wina anganene kuti ngati nkhani ndi imeneyi, bwanji osangodzaza mkuwa wambiri? Apa ndi pamene injini ya mavalavu a pambali imatchera msampha. Kachipinda kamene kakuchepetsedwako ndi njiranso imene mpweya umadzera kuchokera ku valavu kupita m'silinda. Kukatsitsa denga kuti kompulesheni ikwere ndiko kutsamwitsa injini. Kukakuza kuti ipume bwino ndiko kutaya kompulesheni. Valavu nayonso imafuna malo pamwamba pake kuti itseguke osagunda. Choncho funso silakuti mkuwa ukhale wochuluka bwanji, koma kuti ukhale pati. Katswiri wa ku England, Harry Ricardo, anali ataonetsa kale nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha kuti m'mainjini otere nkwabwino kutsitsa denga pamwamba pa mbali ina ya pisitoni, kuti pisitoni ikamafika pamwamba ifinyire mpweya kumbali ya mavalavu ndi pulagi. Mpweya wovundukawo umayaka msanga ndiponso mofanana. Mmisiri wosema hedi amasiya mpata wosalala pamene mpweya umadutsa, nadzaza pamene mpweya umangokhala.

Pali msampha wachiwiri. Kompulesheni ikapitirira mphamvu ya petulo amene alipo, mpweya wa kumathero kwa kachipinda umaphulika wokha moto wa pulagi usanafikeko. Woyendetsa amamva kulira ngati timiyala m'chitini, ndipo kukapitirira kumaboola pisitoni. Nsonga iliyonse yakuthwa yosiyidwa ndi tupa imafiira ndi kuyatsa mpweya nthawi isanakwane. Ndiponso tizipinda tonse tinayi tiyenera kufanana, chifukwa kena kakachepa silinda imeneyo imayamba kugogoda zinzake zisanafike pa mphamvu yake. Amisiri amagoneka hedi chagada, nathira parafini kapena oyilo wopepuka m'kachipinda kalikonse kuchokera m'chubu chagalasi cha manambala, nasema, nathiranso, mpaka manambala atagwirizana. Ngakhale kuthira mkuwa kwenikweniko nkoopsa, pakuti chitsulo cha hedi chikatenthedwa mbali imodzi chimang'ambika kapena kupindika. Chiyenera kutenthedwa chonse, kuzizira pang'onopang'ono, kenaka nkope yake iyezedwe ngati ikali yosalala kuti gasiketi igwire.

Injini itamangidwanso, Ulster imene fakitale inati imathamanga mailosi 72 pa ola inayezedwa pa mailosi 87 pa ola, ndiko kuti kuchoka pa makilomita 116 kufika pa 140.

Mailosi 15 angaoneke ochepa kwa munthu wozolowera magalimoto a lero. Koma mphepo siilola liwiro mwaulere. Liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mphepo kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imawirikiza kasanu ndi katatu. Mwa lamulo limeneli, kuchoka pa 72 kufika pa 87 kumafuna kuti mphamvu yolimbana ndi mphepo ichuluke ndi magawo atatu mwa anayi, ngati thupi la galimoto silinasinthe. Hedi yokha singapereke zonsezo. Zotsalazo zimachokera ku tinthu tambiri tating'onoting'ono, ndipo kutifunafuna ndiko amakaniko amati kutchuna.

Wotchi ndiyo mboni

Hedi ikasintha, zonse zimene zinali zoyenera kale zimaleka kuyenera. Petulo amayaka bwino akasakanizika ndi mpweya wolemera kum'posa pafupifupi ka 15, ndipo injini ya mpikisano imakoka koposa akachulukirapo pang'ono, pa 12 kapena 13. M'mainjini a nthawi imeneyo chosakaniza chinali kabuleta, ndipo muyeso wa petulo unkasinthidwa posintha timabowo tamkuwa ta m'kati mwake. Popanda makina oyezera utsi, mmisiri ankathamangitsa galimoto, kuzimitsa injini ili paliwiro, ndi kumasula mapulagi kuti awawerenge. Pulagi yakuda ndi mwaye inena kuti petulo wachuluka. Yoyera mbee inena kuti wachepa, ndipo injini ikutentha moopsa. Yofiirira ngati buledi wopsa bwino ndiyo ikufunika.

Nthawi ya moto nayonso imasintha. Mpweya suyaka kamodzi n'kamodzi. Umatenga kanthawi, choncho pulagi iyenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba, kuti mphamvu yonse ipezeke itangoyamba kutsika. Moto ukafulumira umamenyana ndi pisitoni ikali kukwera. Ukachedwa umaithamangira itapita kale, ndipo kutentha kumathera mu ekizozi. Kompulesheni ikakwera mpweya umayaka msanga, kotero kuti moto uyenera kubwezedwa m'mbuyo pang'ono, ndipo kuchuluka kwa pang'onoko palibe buku limene linganene kwa hedi yosemedwa pamanja, imene palibenso ina yofanana nayo pa dziko lonse.

Pa chifukwa chimenechi lamulo la ntchitoyi ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyeza pa msewu womwewo ndi wotchi, ndi kulemba. Wosintha zinthu zitatu pamodzi, galimoto ikathamanga sadziwa chimene chathandiza, ndipo mwina chimodzi chathandiza kwambiri pamene ziwiri zikubweza m'mbuyo. Khutu ndi thupi zimanama: galimoto yaphokoso imamveka yaliwiro. Mipikisano yokwera zitunda inali yoyenera mwana wophunzira, popeza mapeto a tsiku lililonse anali nambala yolembedwa papepala. Pa nthawi yomweyo Bruce anali kuphunzira za uinjiniya ku Seddon Memorial Technical College, ndipo pambuyo pake analowa University of Auckland. Zimene ankamva m'kalasi masana ankazipeza madzulo zili pa benchi, zonona ndi oyilo. Ndi ana ochepa, kulikonse, amene amapatsidwa ziwirizi pamodzi. Kawirikawiri wodziwa masamu amanyansidwa ndi sipanala, ndipo wogwira sipanala anauzidwa kale kuti masamu si ake.

Ku England

Zotsatira zinayenda msanga. Atasiya Austin anathamangitsa galimoto ya injini ya Ford 10, kenaka Austin-Healey, kenaka Cooper imene anaipeza kwa Jack Brabham wa ku Australia. Injini ya Cooper inali ya Coventry Climax, kampani imene inalowa m'mipikisano kudzera pa kainjini kopepuka kamene inapangira mapampu ozimitsira moto. Mu 1958 bungwe loyendetsa New Zealand Grand Prix linam'sankha kukhala woyamba kutumizidwa ku Europe pa thandizo lake, ndipo anapita ndi mnzake Colin Beanland ngati makaniko. Nkhani imene imakambidwa n'njakuti atafika ku fakitale ya Cooper ku Surbiton nafunsa za galimoto yake, Charles Cooper anam'lozera mapaipi achitsulo amene anali asanadulidwe n'komwe. Anaimanga yekha pamodzi ndi Beanland. M'mwezi wa August chaka chomwecho, pa German Grand Prix ku Nürburgring, anafika wachisanu pa onse ndi woyamba pa magalimoto a Formula 2. Pa 12 December, 1959, ku Sebring m'dziko la America, anapambana United States Grand Prix ali ndi zaka 22, Brabham atatha petulo pa ulendo wotsiriza. Mu 1963 anayambitsa kampani yake.

Injini imene inakana

Sikuti luso la kutchuna limagonjetsa zonse, ndipo McLaren analiona malire ake mu 1966, chaka chimene analowa Formula 1 ndi galimoto ya dzina lake. Malamulo atsopano analola mainjini a malita 3, ndipo gulu lake linatenga injini ya Ford ya masilinda asanu ndi atatu, yopangidwira mpikisano wa Indianapolis, niliichepetsa kuchoka pa malita 4.2. Ndalama ndi miyezi zinathera pamenepo. Injiniyo inatsala yolemera monga inalili, ndipo njira zake za mpweya, zimene zinapangidwira masilinda aakulu, zinali zotambalala mopitirira. Vuto linali lotembenuza la Austin: kuja mpweya unkatsamwa pampata wopapatiza, kuno unkayenda mwaulesi m'njira zazikulu monga madzi a mtsinje akafika pachigwa, osadzaza silinda bwino kufikira injini itazungulira kwambiri. Pa mpikisano woyamba ku Monaco galimoto inaima chifukwa cha kutayika kwa oyilo. Anayesako injini ya ku Italy ya Serenissima, ndipo chaka chonse anapeza mapointi atatu okha. Chaka chomwecho, pa galimoto ya eni ake a Ford, iye ndi Chris Amon, mnzake wa ku New Zealand, anapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans.

Ku Formula 1 anadzagula injini yopangidwira ntchitoyo kuyambira pa pepala, Ford-Cosworth DFV ya Keith Duckworth, ndipo ndi imeneyo anapambana Belgian Grand Prix ku Spa mu June 1968 pa galimoto yakeyake. Ntchito ya kumasula ndi kutchuna inapitirira ku mipikisano ya Can-Am ya ku America ndi Canada, kumene gulu lake linkatenga mainjini a Chevrolet ndi kuwamanganso lokha. Mu 1969 mainjiniwo anali a malita 7, a mphamvu yoposa akavalo 600, kotero kuti silinda imodzi yokha inali yaikulu kuposa injini yonse ya Austin. Chaka chimenecho iye ndi Denny Hulme anapambana mipikisano yonse 11.

Pa 2 June, 1970, akuyesa galimoto yatsopano ya Can-Am ku Goodwood, chivundikiro cha kumbuyo chinakanganuka galimoto ili paliwiro lalikulu, ndipo inachoka mumsewu niwomba kanyumba ka oyang'anira mpikisano. Anamwalira pomwepo ali ndi zaka 32. Gulu lake linapitiriza kugwiritsa ntchito mainjini a makampani ena pa Formula 1, mwa iwo a Cosworth, a Porsche pa dzina la TAG, ndi a Honda, ndipo galimoto imene inapambana mu 2024 inali ndi injini ya Mercedes.